Nkhonya Yachiwiri ya Chimanjamanja

Amayi anakhala pakhomo la kukhitchini, pomwe dzuwa la masana limafika bwino, akudula mabatani pa malaya a mwana wawo wamwamuna. Batani likaduka ankaliponya m'kapu yothyoka chogwirira, pamalo pake n'kusokererapo kansalu komata, kaja kamalira ukamakamatula. Inali ntchito yosakoma. Singano inkakana kulowa, ulusi unkakodwa m'timinga ta kansaluko. Koma munthu wa zala ziwiri samanga batani, ndipo iwo anali atatopa kuveka mwamuna wandevu m'mawa uliwonse ngati khanda.

Mwana wawo wamkazi anatulukira akadali mu yunifolomu ya kusitolo, foni ili m'manja.

"Amayi, mwamva? Akufuna kusintha lamulo."

"Boma limasintha malamulo tsiku ndi tsiku. Choka pamenepo, ukunditchinga."

"Si boma. Ndi Ometa. Lamulo la nkhonya, kumasewera kuja. Alemba pagulu lawo la pafoni kuti Loweruka avota."

Singano inaima.

Masewerawo amayi ankawatcha zachibwana za anthu andevu. Loweruka lililonse masana, anzake a mwana wawo ankazungulira tebulo lodyera, mapepala ali mbwee. Ometa, mnyamata wa shopu yometera kumsewu waukulu, ndiye ankasimba nthano: apa pali phanga, apo pali mlatho, kutsogolo kuli achifwamba. Aliyense anali ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo akafuna kumenya kapena kuthawa ankaponya madayisi, timiyala tolembedwa manambala, manambalawo n'kugamula. Wina anali ndi lupanga, wina uta, wina matsenga. Munthu wa mwana wawo analibe kanthu. Dzina lake linali Chimanjamanja, chifukwa ankalowa m'nkhondo wopanda ngakhale kandodo, n'kumagwetsa asilikali ndi zibakera basi.

Anamupanga kale, manja onse akadalipo, asanakumane ndi makina opindira malata kufakitale. Makinawo anatenga dzanja lamanja lonse, kumanzere n'kusiyako chala chachikulu ndi chinzake. Chitulukireni m'chipatala, ntchito inatha, chibwenzi chinatha, anthu obwera kudzazonda nawo anatha. Chinatsala ndi Loweruka. Ndi tsiku lokhalo limene ankasamba osakakamizidwa, kutuluka m'chipinda, kudya anthu akuona. Madayisi ankamuponyera ndi amayi, ataima kumbuyo kwake, kansalu kopukutira mbale kali paphewa, uku akudandaula kuti mphika ukupserera. Malamulo a masewerawo anawadziwa chomwecho, osafuna.

"Werenga," anatero.

Mtsikanayo anawerenga pang'onopang'ono. "Womenya wopanda chida azimenya kamodzi, osati kawiri. Aziponya dayisi laling'ono. Ndipo akamenya mdani wovala chitsulo, azivulala yekha."

"Patebulo lonse lija, womenya wopanda chida ndani?"

"Achimwene okha."

"Ndiye bwanji osangolemba dzina lake? Akuzungulira chiyani?"

"Akuti masewera akhale achilungamo."

"Iye waziona?"

"Ali pagulu pomwepo. Sanayankhe kanthu."

Amayi anayang'ana chitseko cha kuchipinda. Chinali chotseka monga mwa masiku onse, wailesi ikung'ung'udza chapansipansi mkatimo. Anabaya singano pa kolala ya malayawo, n'kuvala nsapato.

Shopu ya Ometa inali kachipinda kamodzi pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa matayala akale. Munali galasi long'ambika pakona, mpando womangidwa ndi waya, tsitsi losesedwera kuseri kwa chitseko. Pampando panakhala dalaivala wina wonenepa, mutu wake utametedwa mbali imodzi.

"Takulandirani amayi," anatero Ometa, akumwetulira mwamantha. "Mwabwera kudzameta?"

"Ndabwera kudzameta iweyo."

Dalaivala uja anaseka mpaka nsalu ya pakhosi inagwedera. "Mulole amalize kaye mbali inayi, mayi, ndisatuluke muno ngati nkhuku yodwala."

Amayi sanamuyang'ane n'komwe.

"Loweruka lililonse ndimakuphikirani tiyi. Tebulo langa mwalikanda lonse ndi timiyala tanu tija, sindinanenepo kanthu. Mwana uja watsala ndi chinthu chimodzi, chabodza chomwe, chapapepala. Nacho mukuti mumulande. Ngati mwatopa kubwera kunyumba ya wolumala, nenani ngati amuna, osabisala kuseri kwa malamulo."

Ometa anazimitsa makina. Kunja kunkamveka nyundo ya wamatayala.

"Amayi, zala zolemba ndi zanga, koma lamulolo si langa. Ndi la iyeyo."

"Usandinamize."

"Wandiimbira yekha. Nkhonya yachiwiri ija kale kunalibe, amayi. Ndinaionjezera ndine atangotuluka m'chipatala. Dayisi lalikulu lija chimodzimodzi. Tinapangana tonse kuti tisamuuze, tizingoti malamulo atsopano atuluka. Tinkangofuna aziseka."

"Ndiye amaseka. Vuto lili pati?"

"Wati tizichotse."

"Nanga izi zovulala akamenya chitsulo?"

"Zimenezo ndi zake zenizeni, m'masewera mulibe. Ndamukaniza. Wati ndikapanda kuziika pavoti sadzakhalanso patebulo."

Amayi anafuna pokhala, koma pabenchi panali mataulo onyowa. Anangogwira chitseko.

"Zikadutsa, chichitike n'chiyani?"

"Pomwe nthano tinalekezera pali chipata. Olondera ake avala zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Iye akudziwa. Ndi lamulo limenelo Chimanjamanja sadutsa."

"Uchotse chipatacho. Nthano ndi yako, imatuluka pakamwa pako."

"Aona. Ndi zomwezo zimene akukana."

"Munthu wa m'nthano akafa, si paja mumapanga wina?"

"Timapanga. Ndamufunsa, wati wina sakumufuna."

"Basi, mukane nonse."

Ometa anayang'ana makina ali m'manja mwake, n'kuuzira tsitsi lomwe linakanirira m'mano mwake. "Tikakana, ati tikumumverabe chisoni, achoka. Tikavomera, Chimanjamanja afa, achokanso. Sindikugona nazo, amayi. Mundiuze inuyo, povotapo dzanja ndikweze liti."

Dalaivala uja sanasekenso. Ankangoyang'ana mutu wake wa mbali imodzi m'galasi.

Pobwerera amayi anayenda mofulumira ngati wasiya madzi pamoto. Manyazi anawagwira. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo iwo anali atakalalatira mwana wa eni pamaso pa kasitomala. Koma manyazi anali aang'ono. Chachikulu chinali chakuti mdani amene anamuvalira nsapato anali atagona m'nyumba mwawo momwe.

Sanagogode. M'chipindamo munkanunkha mankhwala opaka ndi zofunda zosayanika. Makatani anali otseka dzuwa lili pamutu, mbale ya m'mawa ili pampando, chakudya chitauma m'mphepete. Mwana wawo anagona choyang'ana khoma, foni itatsamira pilo, akuikankha ndi chala chachikulu.

"Dzuka."

"Ndamva kale. Akuti mwatsala pang'ono kumeta Ometa ndi makina ake omwe."

"Ndati dzuka. Sindilankhula ndi msana."

Anatembenuka, n'kudzikankha ndi chigongono mpaka anakhala. Ndevu zinali zitamera mpaka m'khosi. Anali akadali wamapewa aakulu ngati bambo ake omwalira, koma mapewawo tsopano ankaoneka ngati jekete lobwereka.

"Anzako anakuchitira zabwino," anatero amayi.

"Anandichitira zimene mumachitira kamwana mukamalimbana nako. Mumagwa dala, n'kumati, ha, wandigwetsa, uli ndi mphamvu iwe. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe, amayi. Ometa satha kunama, makutu ake amagwedera."

"Nanga unkasekeranji?"

"Kuti asakhumudwe. Iwo akundinamiza kuti ndisangalale, ine ndikuwanamiza kuti ndasangalala. Loweruka lililonse. Zimatopetsa kuposa fakitale."

Amayi anatola mbale ija, n'kuibwezeranso pomwepo. Manja awo ankafuna chochita.

"Chabwino. Achotse nkhonya yachiwiriyo, achotse ndi dayisi lomwe, usewere ngati kale. Koma zovulalazi waziikiranji?"

Mwanayo anakweza mkono wamanja, pomwe khungu linasokedwa ngati pakamwa pa thumba. "Dzanja likakumana ndi chitsulo chimachitika n'chiyani? Patebulo lonse lija amene akudziwa yankho ndine ndekha."

"Ndi masewera, iwe. Muli anthu ouluka mmenemo. Muli njoka zolavula moto. Zonsezo n'zoona?"

"Njoka ilavule moto, sizindikhudza. Koma munthu asamamenye chitsulo ndi chibakera n'kuchokapo akuseka. Zimenezo sindingathenso kuzimvera."

"Mupatse chida Chimanjamanja wakoyo, nanga. Lupanga, nkhwangwa, ngakhale mpini. Kupita kwa anthu chimanjamanja n'kale lomwe n'kupanda ulemu."

Mwanayo anaseka pang'ono, kuseka kwenikweni. Kenaka anati, "Lupangalo agwira ndi chiyani?"

"Iyeyo manja ali nawo," anatero amayi. "Onse awiri."

Mwanayo anatembenuza nkhope. Anayang'ana makatani nthawi yaitali. Pawailesi munthu ankanena za mitengo ya mafuta.

"Voti yanuyo mumavota bwanji?" anafunsa amayi.

"Pokweza manja." Anapukusa mutu. "Langa aziwerenga theka."

"Sizoseketsa."

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe, amayi. Ine ndili ndi ziwiri, ndine wolemera."

"Ine sindiponya dayisi lopha munthu. Umve bwino. Loweruka ndikhala kukhitchini."

"Muponya. Dzanja lanu lili ndi mwayi, mwina agwetsako mlonda mmodzi asanagwe. Mukakana ndiliika m'kapu, ndigubuduza ndekha."

"Ndiye Loweruka linalo?"

"Mupuma. Tiyi wanu atsala, tebulo lisiya kukandika."

Amayi anaima pakati pa chipindacho. Sanali munthu wa misozi. Kuchipatala sanalire, pamene ankaphunzira kutsuka bala sanalire, pamene bwenzi la mwana wawo linabweza mphete kudzera mwa mlongo wake anangoti zikomo n'kuiika m'kabati. Zonsezo zinali ndi chochita: kutsuka, kumanga, kudyetsa, kusoka. Apa panalibe poti n'kugwira.

"Ndinakubereka ndi zala khumi," anatero. "Ndinaziwerenga ndekha, anamwino akundiseka. Zinapitazo zinapita, madzi akatayika saoleka. Koma iwe ukadzitsekera muno mpaka kalekale, ine ndizilankhula ndi chiyani? Chitseko?"

"Muli ndi mwana wina."

"Sindinafunse za mwana wina."

"Ndatopa, amayi."

"Tonse tatopa. Ine ndatopa kuyambira usanabadwe. Ukuona ndagona?"

Mwanayo anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka mutu unafika papilo, n'kutembenukiranso kukhoma. Amayi anayembekeza. Anaganiza zomukoka mwendo, zotsegula makatani mwamphamvu, zomuuza kuti Ometa sakugona chifukwa cha iye. Mawu onsewo anali atawanenapo kale m'maonekedwe ena, ndipo onse anathera pakhoma lomwelo.

Anatola mbale ija n'kutuluka nayo.

Mwana wawo wamkazi anali atabwerera kusitolo. Patebulo lodyera panali poyera, mikwingwirima ya madayisi ikuoneka bwino pomwe vanishi anachoka. Amayi anadutsa osaligwira. Anataya chakudya chouma chija, n'kuviika mbale m'madzi.

Pakhomo la kukhitchini dzuwa linali litasuntha, motero anakokera mpando panja pang'ono. Malaya aja anali pomwe anawasiya, kumtunda tinsalu tomata, kumunsi mabatani akadali m'malo mwake, malaya osamangika njira iliyonse. Anawayala pamwendo. Anadzifunsa kuti munthu wosatuluka m'chipinda malaya a kolala ndi achiyani, koma funsolo linalibe ntchito, ndiye analisiya.

Anazula singano pa kolala. Ulusi unali utasololoka. Anaunyowetsa ndi malovu, n'kuloza pa diso la singano, n'kuphonya. Anakwezera singano kudzuwa, natsinzina diso limodzi. M'chipinda muja wailesi inazima. Amayi anamvetsera, ulusi uli m'mwamba, kudikira ngati kumveke phazi pansi kapena chitseko kulira.

Sikunamveke kanthu. Ananyowetsanso ulusi uja.