Agogo akana malo ku koleji ya ku Canada

kkkkkk anthu inu ndiyambe ndapuma kaye, nthiti zikundiwawa

Achimwene anga Kirubel, omwe aja anayamba kuvala chijekete chaubweya muno mu tauni yathu ya Adama dzuwa likuswa mtengo, ati kuzoloweza thupi. Chiwapatsireni malo pa koleji ina ku Canada kuti akaphunzire zoyendetsa mahotela, pakhomo pano sitimwa madzi. Injera, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, ati ikuwatupitsa mimba. Ine Rediet dzina linatha, ndine "mwana iwe". Amayi akawapatsa khofi amayamba anunkhiza kaye ngati mlendo, mxiii.

Chinatsala ndi fizi basi. Wochokera kunja amayenera kulipiriratu, ukachedwa malo amapatsa wina. Ababa anagulitsa bajaji yawo, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu ija, ndalama zakwathu za ma birr zilipo, koma kubanki madola ndi omwe kulibe, tsiku lililonse bwerani mawa.

Tsono si mukudziwa kuti kwathu kuno dzina limayamba lako, kenako la bambo ako, kenako la agogo ako? Pa pasipoti la agogolo ndi lomwe amaliika ngati la banja lonse. Ndiye ku Canada achimwene amawadziwa kuti Bambo Gebeyehu, dzina la agogo. Eni ake kukondwa, ati likumveka la bwana. Pofunsira malo anaperekanso nambala ya foni yachingwe ya kwa agogo, ati azungu akaona foni yam'nyumba amadziwa kuti ndiwe wochokera pabwino. Nzerutu zimenezo kkkk

Dzana madzulo ndili kwa agogo ndikusankha mphodza, foni ija ngiriii. Agogo anagwira ntchito kunjanji, Chingerezi chawo amachinyadira koopsa, foni salola munthu kuyankha. Khutu linalemera ndiye amaikweza mpaka kukhonde umamva.

Mawu a mayi, aulemu bwino. "Ndikulankhula ndi Bambo Gebeyehu?"

Agogo kukonza kolala. "Ndine amene."

"Bambo, fizi yanu sitinailandire. Timafuna tidziwe ngati malo anu mukuwafunabe, tikuwonjezereni masiku."

"Fizi ya chani?"

"Ya sukulu bambo."

"Mwanawe, ine sukulu ndinamaliza amayi ako asanamere mano. Ndinu aja mumaba ndalama za okalamba pafoni eti?"

"Ayi bambo, ndiye mukutanthauza kuti simubwera?"

"Ndibwere kudzatani? Mawondo awa? Fufutani dzina langa, mupatse ana ofuna kuphunzira!"

"Mukutsimikiza?"

"Ine sindilankhula kawiri."

Foni khoo. Akutembenuka monyada, ati waona mmene amawayankhira akuba? Ine mutu unagwira mochedwa. Ndikuti agogo, kodi si za Kirubel zimenezo? Iwo akuti Kirubel ndi Kirubel, afunsa Gebeyehu. Anthu inu mphodza zonse pansi, ndinagona pamkeka kulira ndi kuseka.

M'mawa mwake uthenga walowa pafoni ya achimwene, tamva chisankho chanu, malo tapereka kwa wina, zabwino zonse. Anathamanga kwa agogo, kuseri kwa nyumba yathu, ndi nsapato imodzi yosamanga, ine pambuyo, ndikanaphonya bwanji.

"Agogo mwandipha! Mwandiphera tsogolo!"

"Iwe usandikalipire m'nyumba mwanga. Unandiuza kuti ukuyenda ndi dzina langa kunja?"

"Ndi mmene amalembera kumeneko!"

"Ndiye ndi mbuli. Munthu ndili moyo, ndikudya, dzina langa apatse kamwana kosadziwa kuchapa masokosi?"

Amayi akuti Kirubel khala pansi, madzi akatayika sawoleka. Ababa aima pakhomo, akungoyang'ana pamene pankaima bajaji. Apo ndiye ndinasiya kuseka pang'ono, pang'ono chabe.

Achimwene anadikira kuti ku Canada kuche, n'kuimba pafoni yawo, Chingerezi cham'mphuno chija chonse chitathawa. Anayankha mayi yemwe uja. Achimwene akuti ndine Gebeyehu weniweni, dzulo uja sanali ine. Agogo chapatali, "Weniweni ndi ndani? Bwera nayo kuno foniyo!" Mayi uja kaya anamva chani, anangoti pepani bambo, malo apita, mudzafunsirenso chaka chamawa.

Moti chaka chino bwana wa mahotela ali nafe konkuno. Ababa awauza kuti ndalama ija akukagulanso bajaji, ndipo woyendetsa safuna kulemba wapadera poti pakhomo pali munthu wongokhala. Mukawaona pa siteji ya pamsika muwakwere, koma musawafunse za Canada, amaluma kkkkkk