Chilendo Chopempha Madzi

Ndinali nditagwira kale maikolofoni pamene akuluakulu a mpingo analowa mu vidiyo sho ya a Jamali, pa doko la Kachulu. Patsogolo panali a Jafeti, mkulu wa mpingo wathu, atavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala linali kuswa mtengo. Pambuyo pawo pankabwera mayi Elenala, mtsogoleri wa amayi, nkhope ili ndwii. Asodzi amene anadzaza mabenchi anangowasendera.

Ntchito yanga inali yomasulira mafilimu. Anthu a pa kanema akamayankhula Chingerezi, ine ndinkawaika Chinyanja m'kamwa. Lamulungu ndinkaphunzitsa Sande sukulu. Ziwirizi ndi zimene zinandiputira mlandu. Mayi Elenala anakadandaula ku komiti kuti ana ayamba kujambula pansi zinthu za mitu ikuluikulu zotsika ku nyenyezi, ndipo kuti ine ndimawaonetsa ziwanda m'kati mwa sabata, n'kudzawatsegulira Baibulo tsiku la Ambuye. Komiti inati ndisankhe chimodzi. Ndinawapempha kuti ayambe aona okha, chifukwa mafilimu a zam'mlengalenga, ngakhale amadzaza zombo ndi nyenyezi, amafunsa za mtima wa munthu.

"Tidzaona imodzi, a Harry," anatero a Jafeti. "Ikangotha, mudzamva chigamulo chathu pomwepo."

Tsono masana amene anabwerawo, a Jamali anandinong'oneza kuti tiike kaye ya mpira, zinthu zisaipe. Iwo ndi Msilamu, ndipo sankafuna kudana ndi tchalitchi chifukwa cha kanema. Ndinakana. Anapukusa mutu, nayatsa.

Filimuyo inali ya anthu amene anathawa dziko lawo litauma, nakamanga mudzi wa mpanda wachitsulo pa dziko lina. Madzi ankagawana moyeza. Izi asodzi anazimva msanga, poti chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itabwerera kutali, mabwato atagona pa matope. Ndinamasulira bwinobwino.

Kenako kachombo kanagwa kunja kwa mpanda. Munatuluka cholengedwa chachitali, chotuwa ngati mlamba wouma, chitafukata kamwana. Asilikali anachiloza mfuti.

"Ndi chimenecho," anatero mayi Elenala, akuloza ndi mlomo.

Cholengedwa chija chinagwada pa chipata n'kuyamba kuyankhula. Mawu ake sanali Chingerezi, ndipo pansi pa kanema sanalembe kanthu. Masiku ena ndikafika pamenepa ndinkangoponya nthabwala, anthu n'kuseka. Koma tsiku limenelo nditaona mmene chinatambasulira dzanja, pakamwa panga panatuluka Chilomwe, chochepa chomwe ndinatola kwa amalume anga. Ndinachipemphetsa madzi a mwana.

Ena anaseka pang'ono, n'kusiya. A Jafeti anakweza dzanja, a Jamali anaimitsa filimu. Pa kanema panatsala cholengedwa chili chigwadire. Ndinadziwa kuti Sande sukulu yandithera.

"Tabwerezani mawuwo," anatero a Jafeti.

Ndinabwereza. Iwo anandikonza liwu limodzi limene ndinalipotoza. Popitiriza kuyankhula sankayang'ana ine, ankayang'ana kanema. Anati bambo awo analowa m'dziko muno ali kumsana, agogo awo akuthawa nkhanza za ntchito yokakamiza ku Mozambiki. M'midzi imene ankadutsa anthu ankatseka zitseko, ankawatcha mayina onyoza, ena n'kumati si anthu enieni amenewa, amadya njoka. Mwana anafika pofooka, osathanso kulira. Amene anawapatsa madzi anali mayi wa Chiyao pa chitsime, amene sankamva ngakhale liwu limodzi la zimene agogowo ankanena.

A Jamali, amene nawonso ndi Myao, anavula chisoti chawo, n'kuchivalanso.

"Koma abambo, agogo anu anali munthu," anatero mayi Elenala. "Icho si munthu."

Apa ndinapempha kuyankha. Ndinati funso lawolo ndi limene filimuyi inapangidwira, ndipo si lachilendo kwa ife, pakuti Ambuye Yesu anafunsidwanso kuti mnzathu ndani, nayankha ndi nkhani ya munthu wovulala amene opemphera anamulambalala pa msewu. Ndinati sindiphunzitsa ana kuti ku nyenyezi kuli anthu; zimenezo sindikuzidziwa.

"Chimene ndimawafunsa, amayi, n'chakuti: wosafanana nawe akagogoda, mtima wako umathamangira mfuti kapena chikho? Ambuye wathu naye anachokera kutali, ndipo anthu anamutsekera zitseko."

A Jafeti anauza a Jamali kuti ipitirire.

Pa kanema, mayi wina wolondera chipata anatenga botolo lake la madzi. Mkulu wa asilikali anamuletsa. Mayiyo anaima pakati, dzanja lili pa loko. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma wina ananditsogolera.

"Mpatseni, mayi! Musamuope ameneyo!"

Anali mayi Elenala, ataimirira, chitenje chitamasuka m'chiuno. Chipata chitatseguka, kamwana kaja n'kumeza dontho loyamba, nyumba yonse inaphulika. Asodzi anamenya mabenchi, amayi ogulitsa matemba amene ankasuzumira pa khomo analuluta, fumbi linatsika kuchokera ku denga. Kwa ine panalibenso chomasulira.

Chigamulo ndinachimvera panja, pa mthunzi wa mthethe. A Jafeti anati ana ndipitirize kuwaphunzitsa, maikolofoni ndisaisiye, koma Chilomwe changa ndikachiwongole kwa iwo chifukwa n'chopunduka. Mayi Elenala anangowonjezera kuti za mfuti zambirimbiri ana asamaone, ndipo ndinavomera.

Loweruka lotsatira kanema wa a Jamali anapita ku tchalitchi, kuti achinyamata akaone ndi kukambirana. Ine ndinanyamula sipika pamutu, a Jamali batire. Kutsogolo kwathu, mu msewu wa fumbi, a Jafeti ankakankha pang'onopang'ono njinga yawo imene inanyamula kanemayo, ali ndi malaya okha. Jekete lawo la ku tchalitchi anali atafunditsa kanema uja.