Aafupi Kutsogolo

"Aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo," anatero mayi Anastasia uku akuwomba m'manja.

Dominiko anayang'ana nsapato zake. Dzulo lake anali atapita nazo kwa wosoka nsapato pamsika wa Chirimba kuti aziwonjezere mphira wa tayala kunsi. Zinamukweza ndithu. Koma pang'ono chabe.

Linali Lamulungu masana, kuseri kwa holo ya tchalitchi ku Zingwangwa. Anyamata ndi atsikana operekeza akwati ankaphunzira masitepe a ukwati wa Angela. Angelayo anali msuweni wa Tithokoze, ndipo Tithokoze anali chibwenzi cha Dominiko. Chibwenzi chakalekale. Anthu anali atatopa n'kufunsa kuti zidzatha bwanji.

Vuto linayamba tsiku limene Dominiko anaperekeza Tithokoze kumasitepeko. Anakaona munthu amene Tithokoze anapatsidwa kuti azivina naye. Dzina lake Ramsey, mnzake wa mkwati. Wamtali, wa shati yoyera, makiyi a galimoto ali pachala. Pakati pa nyimbo panali poti mwamuna agwire mkazi m'chiuno n'kumuzunguza. Ramsey anagwira. Tithokoze anazungulira, n'kuseka. Kuseka kotero Dominiko anali atakuiwala.

Sabata imeneyo, kushedi kwake kowotcherera zitsulo, anapanga geti lokhota. Mwini geti analibweza.

Ndiye atamva kuti mnyamata wina wa mumzere wapita ku Joni, anadzipereka msangamsanga. Ankati akalowa, atenga wake. Sanadziwe kuti mayi Anastasia, azakhali a Angela, amene anavinitsa maukwati ambiri a m'Zingwangwa, analibe nazo ntchito zibwenzi. Iwo ankayeza msinkhu basi. Anamugundanitsa msana ndi Tithokoze, n'kuika chikhatho pamitu pawo. Chikhathocho chinapendekeka.

Dominiko anayesa kufotokoza kuti awiriwo amadziwana.

"Achimwene, pano si pachinkhoswe," anatero mayiwo. "Wa vidiyo amafuna mzere wooneka bwino. Bwerani kuno."

Anamuika kutsogolo kwenikweni, pamodzi ndi Linda, mtsikana wamfupi wogulitsa kaunjika. Linda anayang'ana pansi, kenako anamuyang'ana kumaso.

"Nsapatozi amagulitsa ndi makwerero ake omwe?"

Nyimbo inayamba. Kutsogolo kwa Dominiko kunali khoma la holo ndi mulu wa njerwa. Zonse zimene anadzera zinali kumbuyo kwake. Anamva Ramsey akunong'ona. Anamva Tithokoze akuyankha. Anacheuka, n'kuponda phazi la Linda. Anayambiranso. Pofika poti agwirane m'chiuno anacheukanso, ndipo mzere wonse unatembenukira kumanja iye yekha akulowera kumanzere. Anagundana ndi amene anali pambuyo pake.

Chomupweteka kwambiri n'chakuti Ramsey anali waulemu. Anabwera kudzamuonetsa poponda, akumutchula kuti akulu. Anawonjeza kuti asavutike ndi minibasi, akamaliza awatula onse, iye ndi asisi Tithokoze. Dominiko anathokoza akukukuta mano. Ndiye kuti masiku enawa asisiwo ankakwera galimoto imeneyo. Mpando uti, wakutsogolo?

Atacheuka kachitatu, mayi Anastasia anazimitsa wailesi.

"Khosi limenelo lithyoka. Mwabwera kudzavina kapena kudzalondera?"

Onse anaseka. Mayiwo sanaseke. Anati ukwati uli pafupi, alibe nthawi yoweta munthu wa maso a kunkhongo, ndipo malo ake apeza wina. Pomaliza anamuponyera mawu ngati akulankhula ndi mphepo: "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ngwa mphepo."

Dominiko anakaima pampopi, pafupi ndi mpanda. Tithokoze anamulondola. Thukuta linali pamphumi, ndipo ankamveka pafyumu wosakhala wake.

Dominiko sanazungulire. Anamuuza kuti atuluke mumzeremo. Anati munthu wamkazi wodzilemekeza salola kugwidwagwidwa pamaso pa anthu, ndiponso anyamata a magalimoto amawadziwa bwino, chikomekome cha mkuyu. Tithokoze anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera. Kenako anayankha motsitsa. Anati diresi yasokedwa kale. Angela ndi m'bale wake. Ramsey akanong'ona amakhala akumuwerengera masitepe, ndipo ngakhale atakhala kuti sakuwerenga masitepe, nanga bwanji?

"Ukundiletsa ngati ndani, Domi?"

Tithokoze anapitiriza.

"Mayi akaimba foni kuchokera ku Nsanje amafunsa za iwe. Ndimati ndi mnzanga wakutchalitchi. Mnzanga wakutchalitchi angandichotse mumzere?"

"Ndinati geni ikayenda bwino..."

"Unatero Angela asanakumane n'komwe ndi mwamuna wakeyu."

Kuholo kuja wailesi inayambanso. Wina anaitana dzina la Tithokoze. Anali mawu aamuna. Tithokoze anasamba kumaso, n'kudzipukuta ndi nsonga ya chitenje. Atayenda pang'ono anaima.

"Pa ukwati pali anthu awiri okha amene azakhali sawayeza msinkhu," anatero. "Uwaganizire."

Anabwerera kumalo ake, kumbuyo kwa mzere. Dzanja la Ramsey linali likudikira kale.

Dominiko anatuluka pageti. Pasiteji kondakitala anamukoka mkono, akuti minibasi ya m'tauni yatsala ndi malo amodzi. Iye anakana. Anatenga njira yokwera ku Manje, wapansi. Pachitunda mphira wa nsapato yakumanzere unayamba kuyasama. Anakhala pamwala, anaukanganula, n'kukanganulanso wa inzake. Mphira wonsewo anautaya mu ngalande.

Amalume ake, a Laurenti, anawapeza pakhonde akukonza mpando. Anagwada, n'kupereka moni. Anati wabwera ndi nkhani: akufuna anthu apite ku Nsanje, kwa makolo a Tithokoze, Loweruka likudzali.

A Laurenti anaika hamala pansi. Anati zaka zonsezi akhala akumufunsa, iye n'kumangoti geni, geni. Zinthu zotere zimafuna kukonzekera, kuuza abale, kutumiza mawu. Lero chamuluma n'chiyani?

Dominiko anayang'ana kumunsi, kumene madenga a Zingwangwa ankanyezimira ndi dzuwa. Holo ija sinkaoneka, koma ankadziwa pamene nyimbo yafika.

"Ku Nsanje n'kutali, amalume," anatero. "Ndipo amene akuvina ndi Tithokoze uja ali ndi galimoto."