Kathumba ka M'mbereko

Chaka chimene famu ya ku Chegutu inalandidwa, Eliness anatuluka m'komboni ndi zinthu ziwiri: mwana wake Tine kumsana, makina osokera a malemu mayi ake pamutu. Ku Kadoma, m'khitchini mwa mlamu wake Hazel, anayamba kusoka mbereko, mothandizana ndi amayi atatu amene ntchito inawathera ku fakitale ya nsalu. Wodula nsalu anali Eliness yekha. Wokagulitsa ku Joni anali Hazel, poti pasipoti anali nayo ndi iye. Eliness a boma anam'kaniza pasipoti chifukwa bambo ake anabadwira ku Malawi.

Ulendo wina Hazel anabwerako masaya ali see, n'kuponya mbereko patebulo. Anali ataimasula n'kuisokanso pamanja, malamba atapingasa.

"Alamu, kumene kuja musitima mwana saberekera kumbuyo, chitseko chingam'pane. Amamuika kutsogolo. Ndiye akufuna kathumba mkati, pakati pa mayi ndi mwana, kobisamo foni. Tsotsi apisa bwanji dzanja pamenepo?"

"Ndiye mwakaphunzira kubereka ku Joni," anatero Eliness, "inu opanda ndi mwana yemwe?"

"Mwana ndilibe, inde. Koma maso ndili nawo. Ndi pasipoti."

Amayi aja anaseka, akulandizana mbereko ija ngati khanda. Sabata isanathe ankangoti "ya Hazel". Ya Hazel! Ulusi wake wokhotakhota ngati mapazi a nkhuku! Eliness anakana kudula.

"Basi, sizasi mupatse mai Rutendo," anatero Hazel, akuloza mmodzi wa amayi aja.

Eliness anatola mberekoyo kuti akaipezere chilema. Anam'manga Tine pachifuwa, napita pamzere wa shuga. Lole itafika anthu anakankhana, zigongono m'nthiti, ena kugwa. Tine anali phee pansi pa chibwano chake, chitupa chili m'kathumba, manja onse ali omasuka. Chilema sanachipeze, ndipo zinamuwawa kuposa zigongono zija.

Anabwerera wopanda shuga, nalanda sizasi m'manja mwa mai Rutendo asanaiike n'komwe pansalu. Anadula, nawongola msoko wokhotakhota uja. M'kathumba kalikonse, mkati mwenimweni, anasokamo chilembo cha E ndi ulusi wofiira.

"Chimenechi n'chiyaninso, alamu?" anafunsa Hazel polongedza.

"Nyamulani. Tione ngati pamalire pa Beitbridge akachifunse pasipoti."