Utse wa Maselo

"Choko pansi, aphunzitsi. Atsikana onse kubwalo!"

Anali Geresomo, mkulu wa ayufi, malaya ake ofiira atanyowa ndi thukuta. Nduna inkabwera ku Nsanje, ndiye tsiku lililonse atsikana anga a Folomu 4 ankakayeserera gule wa utse m'malo mophunzira. Mayeso anali pafupi, koma maitosisi, mmene selo limodzi limagawikira kukhala awiri, ndinali ndisanaiyambe n'komwe. Kukana kunali kudziitanira ndende. Komanso ana anga akalowe m'mayeso mitu ilibe kanthu, ine ndili moyo?

Ndinawatsatira kubwalo, n'kulemba mzere waukulu wozungulira pafumbi ndi chidendene.

"Ili ndi selo," ndinatero motsitsa mawu. "Inu ndinu makolomozomu, timaulusi tosunga malangizo a thupi. Aliyense agwire mnzake wofanana naye msinkhu, chifukwa kaulusi kalikonse kamayamba kadzikopera."

"Nanga tikagwidwa, madamu?" anafunsa Evelesi, wamantha kuposa onse koma wovina ngati alibe mafupa.

"Wogwidwa ndine. Iwe vina."

Ng'oma inalira. Awiriawiri anabwera akuvina n'kundanda pakati. Nditaomba m'manja anataya manja a anzawo, theka kubwerera cham'mbuyo kuloza ku Shire, theka kumapiri. Ndinadula mzere pakati pawo. Maselo awiri, ofanana ndendende.

"Gule wanji ameneyu, mayi?"

Geresomo anali ataima kumbuyo kwanga. Sindinaphethire.

"Watsopano, bambo. Anduna asamangoona zomwezomwezo."

Anayang'ana mizere ija nthawi yaitali, akukanda chibwano.

"Pyadidi!" anayamikira m'Chisena. "Koma apo polekanapo akuchedwa. Abwerezenso!"

Kuyambira tsiku limenelo Geresomo anandiphunzitsira ana anga maitosisi padzuwa la Nsanje, chikoti chili m'manja, osalola mwana ndi mmodzi yemwe kulekana ndi mnzake asanafike pakati. Sindinaonepo mphunzitsi wa sayansi wolimbikira chotero, ndipo sindinamuuze.

Tsiku la mayeso sindinaloledwe kulowa. Ndinaima pansi pa mtondo kuseri kwa holo, ndikusuzumira pazenera. Evelesi anatsegula pepala, n'kuuma gwa. Cholembera sichinkayenda.

Kenaka pansi pa desiki mapazi ake anasuntha. Anakumana pakati, anaima pang'ono, n'kutayana. Anaweramira pepala, nayamba kulemba.