Dengu ndi Mbatata Zake

Pochoka ku Chiuaula kalekale, Quintino analonjeza Adérito, mnzake wa paubwana, kuti akadzatsegula kampani ya makompyuta, dzina la mnzakeyo silidzachokamo.

Atabwerera ndi imvi, anaitseguladi ku Sanjala, n'kumulemba Adérito ntchito. Tsiku lina ankalemba pulogalamu yosunga mayina a antchito.

"Chefe, mwalemba const, mawu oletsa kusintha," Célia, wogwira naye ntchito, anauza bwanayo. "Paja munati wina achotsedwa? Ikani let, yolola kusintha."

"Mndandanda wa mayinawu uli ngati dengu: const imangoletsa kusinthanitsa dengu ndi lina, Célia. Mbatata zam'katimo ukhoza kuchotsa."

Mumtima ankalakalaka kompyuta ikane, apeze chonamizira. Panja Adérito, manja akunjenjemera ndi mowa wadzulo, ankamupukutira galimoto akuimba mluzu.

Kompyuta siinakane. Quintino anafufuta dzina la Adérito.