Mikanda ya Esinam mu Sefa

Tsiku limenelo mphepo ya kuchipululu inali itadzaza Accra ndi fumbi. Dzuwa linkaoneka ngati mbale yosatsuka, milomo ya anthu itang'ambika, ndipo chovala chikayanikidwa chinkauma msanga n'kudanso pomwepo. M'nyumba ya lendi ya a Senanu, makina ochapira anali ataima masiku angapo, madzi ali tho m'kati, chitseko chitakana kutseguka.

Makinawo sanali awo. Anali a eni nyumba, mayi Ayorkor, ndipo anachita kutumizidwa ndi mwana wawo wa ku Jeremani, nkhani imene anthu onse a dera lawo la Dansoman anaimva kangapo ngakhale sanafunse. Lamulo linali limodzi: wa lendi azichapa, koma asamasule kanthu.

Esinam, mkazi wa a Senanu, lamulolo ankalimvera bwino kwambiri pamaso. Mwezi uliwonse ankatseka makatani, n'kugwada, n'kutsegula kachitseko ka m'munsi mwa makinawo, n'kutsuka sefa. Ntchito ya mwamuna wake inali kutaya madzi ndi kusuzumira pawindo.

Kenako Esinam anadwala. Ulusi wa mikanda ya m'chiuno mwake unadukira m'zofunda, ndipo a Senanu anachapa zofundazo osadziwa. Esinam atamwalira, amayi osambitsa mtembo anapempha mikanda kuti amuveke; a Senanu anafunafuna, n'kuyankha kuti, "Palibe." Maliro atatha anachapa malaya awo akuda, makina aja n'kuyamba kulira: tcheke, tcheke, tcheke. Anaizindikira mikanda ija. Umu ndi m'mene inkalirira m'mawa Esinam akamapita kosamba. Kuyambira pamenepo sefa sanaikhudze. Miyezi inapita akuchapa ngakhale zoyera kale, atakhala pampando, akumvetsera. Anthu ankati bamboyu ndi waukhondo.

Koma makina sadziwa chikondi. Sopo, ubweya wa nsalu ndi fumbi zinaunjikana pa mikandayo mpaka madzi anasowa potulukira.

"Odi kuno kwa akatswiri ochapa!"

Anali mayi Ayorkor, mpango uli pamphuno. Kumbuyo kwawo kunali mwamuna wamtali wamanja akuda ndi mafuta, amene anasiya ngolo yake pageti.

"Hii! A Senanu, mwayamba kuweta nsomba m'makina anga?"

"Aima."

"Aima! Zikomo pondiuza, ine ndimayesa akupemphera. Fungo lafika mpaka kwanga kumtunda, kenkey wanga, nsima yathu ija, akukoma ngati ngalande. Uyu ndi Fuseini, amagula zitsulo zakutha. Mwana wanga wati ndisadzivutitse, atumiza ena pa sitima. Awa achoke lero."

Fuseini anagogoda makinawo ndi chala ngati munthu wogula chivwende. "Afa awa, amama. Ine changa ndi mota ndi mawaya. Zotsalazo nyundo basi."

Nyundo. A Senanu anaona mikanda ya Esinam itaphwanyikira m'dothi lakuda la kumene amawotchera mawaya.

"Sachoka," anatero.

"Mwati?"

"Sachoka."

"Fuseini, wamva? Bamboyu chaka chonse wandilankhula mawu osadzaza supuni, lero wapeza liwu loti andilamule pa katundu wanga. Munagula ndinu? Kapena nanunso ku Jeremani muli ndi mwana amene sitimudziwa?"

"Zovala zanga zili m'kati."

"Zochepa zimenezo, madala," anatero Fuseini, akusolola chitsulo m'thumba. "Ndingokanula kamodzi, chitseko chili pansi."

"Ndi chimadzi chonsecho pa matailosi anga? Kanula mutu wakowo!"

Awiriwo akadali kukangana, a Senanu anazimitsa magetsi pakhoma, nazula pulagi, natseka mpopi. Anayala thawulo pansi, natenga chiwaya chafulati chimene Esinam ankaphikira keke. Anagwada movutikira, mawondo akulira kuposa makina, natsegula kachitseko kaja.

"Imani! Anakuuzani ndani kuti pamenepo pamatseguka?"

"Esinam."

"Esinam uti? Mnzanga wa m'kwaya? Amene ankalumbira pamaso panga kuti sakhudza?"

"Yemweyo."

Anasolola kapaipi kakang'ono, nachotsa chotsekera chake. Madzi otuwa anatsikira m'chiwaya. Chikadzaza ankatseka ndi chala, n'kukhuthulira mu ndowa, n'kuyambiranso. Zinatenga nthawi. Mayi Ayorkor anaigwiritsa ntchito nthawiyo pofotokozera Fuseini mbiri ya anthu onse a lendi amene anawapweteka mtima, kuyambira uja ankachapa nsapato za mpira mpaka uja ankathira sopo kapu yathunthu ngati akuphika phala la pa ukwati.

Madzi atatha, a Senanu anapotokola sefa. Inalimba, kenako inalola. Inatuluka itakutidwa ndi zinyalala zonanda, batani limodzi, chipini cha m'tsitsi. Ndipo pathawulo panagwa mikanda. Yabuluu, yoyera, yachikasu. Ina inagubudukira kumapazi a mayi Ayorkor.

Mpango uja unachoka pamphuno.

"Eee! Eee! Fuseini, bwera udzaone zodabwitsa za Mulungu! Mikanda! Ya m'chiuno! Munthu akadavala zakuda, chaka sichinakwane, udzu pamanda sunamere! Ndiye kuchapa kwa tsiku ndi tsiku kuja n'kumeneku? Ndi ndani? Wogulitsa nsomba uja? Ndinaona ine m'mene amakuikirani mutu waulere!"

"Madala, ulemu wanu," anatero Fuseini, akuvula chipewa. "Ofatsa ndi amene amaopsa."

A Senanu anapitiriza kutola. Analowetsa chala m'bowo mwa sefa, nazungulitsa kanthu kokankha madzi kali m'katimo, natulutsa mikanda ina iwiri imene inakapanikiza.

"Ndikulankhula ndi inu! Mnzanga tinamuika m'chiuno muli mbee ngati mwana wamasiye. Tinakupemphani, inu n'kumati 'palibe, palibe.' Ine n'kumauza anthu kuti ndi umbombo chabe. Pamene ya zibwenzi ilipo yodzaza sefa!"

"Ndi yomweyo."

"Yomweyo chiyani?"

"Inadukira m'zofunda."

Mayi Ayorkor anawerama, natola mkanda umodzi wachikasu wamizere yofiira, naupukuta ndi mpango. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anali limodzi pamsika tsiku limene Esinam anagula mikandayo, akunenerera mtengo mpaka wogulitsa anawatukwana onse awiri.

"Ndiye mwakhala mukudziwa kuti ili m'menemo?"

"Imalira."

"Imalira," anabwereza mayiwo. "Amuna inu! Ena amasunga chithunzi, ena nsalu. Inu mkazi wanu mwamusunga mu sefa, pamodzi ndi mabatani." Kenako anatukwana fumbi kuti likuwalowa m'maso.

A Senanu anatsuka sefa pampopi wa kukhitchini ndi mswachi wakale, naibwezera, naimanga zolimba. Anatseka kapaipi, natsegula madzi, nabwezera pulagi, nayatsa magetsi. Patapita kanthawi chitseko chinati khethe. Anatulutsa zovala zonunkha, nayendetsa makinawo opanda kanthu. Madzi analowa, anazungulira, anatuluka onse.

"Ndiye ine ngolo ndakankhira chabe m'fumbi lonseli?" anadandaula Fuseini. "Amama, palibe ngakhale ayironi yakufa?"

"Tenga chitofu chili kuseri, uzipita. Ndipo pakamwa pakopo utseke, za wogulitsa nsomba sunamve."

"Ine ndine gonthi chibadwire, amama."

Pakhomo mayi Ayorkor anatembenuka, naika mkanda wachikasu uja m'dzanja la a Senanu.

"Makina akhale. Sefa muzitsuka mwezi uliwonse, poti m'nyumba muno malamulo anga munawadya ndi tsabola kalekale. Mikandayi mutunge, musunge ngati munthu wamutu. Koma ndikangomvanso tcheketcheke m'makina a mwana wanga, mutuluka nonse awiri, inu ndi mnzanga yemweyo. Mwamva?"

"Ndamva."

Atapita, a Senanu anabwezera zovala zija kuti zichapidwenso, sopo pang'ono. Makina anayenda bwino kwambiri, mwakachetechete, monga anawapangira anthu a ku Jeremani. Anamvetsera kanthawi. Kunalibe chomvera.

Anaimitsa makina. Anatsuka mikanda yonse, naiyanika pa mbale. Kenako anatola ingapo, naimanga mfundo ziwiri m'kathumba ka nsalu yopyapyala kuti isathawirenso ku sefa. Anatseka makatani, naponya kathumbako m'makina, nawayatsa, nakhala pampando wawo.